Kuwala Kumene Kumatembenuza Maginito: Mafunso ndi Mayankho

Kuyambira mu Disembala 2022, pamene atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami kuti wapaulendo asamaime kawiri pa malire amodzi, dzina la munthu wodutsa, nambala ya galimoto lake ndi mtengo wa katundu amene wasenza zimalembedwa m'kompyuta. Ndipo ngakhale mlembi wa pa zenera aoneka ngati ndiye mwini kaundula, zolembedwazo zimapita kukagona kutali, m'makina aakulu osungira zinthu, amene ambiri a iwo kufikira lero lino amasunga mawu ndi mphamvu ya maginito. Chimodzimodzinso ndalama zimene mlimi wa mtedza wa ku Kamwendo alandira pa foni, ndi chithunzi chimene mnyamata wa ku Kapiri atumizira amayi ake kuchokera ku Johannesburg. Tsopano kwamveka mbiri yakuti anthu ophunzira a kunja apeza njira yotembenuzira maginito ndi kuwala kokha, ndipo akuchita zimenezi pa timasamba topyapyala kotero kuti kuchindikala kwake ndi atomu imodzi kapena zitatu. Popeza safunsa anadya phula, tasonkhanitsa mafunso amene munthu woganiza bwino angafunse, ndipo tiwayankha limodzilimodzi mosafulumira.

Kodi maginito ali ndi gawo lanji pa ntchito yosunga mawu ndi ziwerengero?

Kompyuta, ngakhale ioneka yanzeru, imadziwa zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, ndipo kalata iliyonse, nyimbo iliyonse ndi chithunzi chilichonse zimasanduka mndandanda wautali wa zizindikiro ziwirizo. Maginito nawonso ali ndi mbali ziwiri, mutu ndi mchira. Chifukwa chake amisiri anagawa nkhope ya mbale yozungulira yotchedwa hard disk m'timadera tating'onoting'ono tosawerengeka, nachititsa kuti kadera kalikonse kakhale kamaginito koyang'ana kumwamba kapena pansi, ndipo kuyang'ana kumeneko ndiko kumanyamula 0 ndi 1. Ubwino wake waukulu ngwakuti magetsi akazima, monga azimira kawirikawiri kwathu kuno, timaginitoto sitiiwala kumene tinayang'ana.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Valdemar Poulsen wa ku Denmark anajambula mawu a munthu pa waya wachitsulo m'chaka cha 1898. Kampani ya Philips inatulutsa matepi a kaseti m'chaka cha 1963, omwe aja akuluakulu ankabweza ndi cholembera akazingana. Ndipo kampani ya IBM inagulitsa hard disk yoyamba m'chaka cha 1956, chimakina chokhala ndi mbale 50, chosunga zilembo pafupifupi mamiliyoni 5 okha. Koma m'zonsezi, wolemba ndi mmodzimodzi: kawaya kokulungidwa kamene magetsi akadutsamo kamabala mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo imakankha kadera kamene kali pansi pake kuti katembenuke. Tisasokoneze apa ndi kakhadi kosungira zithunzi ka m'foni, pakuti kameneko kamasunga ndi magetsi otsekeredwa m'tizipinda, osati ndi maginito.

Nanga mphamvu ya maginito imachokera kuti?

Chinthu chilichonse cholengedwa chinamangidwa ndi maatomu, ndipo m'atomu iliyonse muli tinthu tina tochepetsetsa totchedwa maelekitironi. Elekitironi iliyonse payokha ndi kamaginito, kokhala ndi mutu ndi mchira wake. M'mtengo, m'madzi ndi m'dothi wamba, timaginito timeneti timakhala tiwiritiwiri mopikisana, kapena timayang'ana paliponse mosagwirizana, kotero kuti mphamvu yake imathera m'kati momwemo. Koma m'chitsulo, mu nickel ndi mu cobalt muli lamulo lina lochititsa kuti kamaginito kalikonse kayang'ane kumene mnansi wake wayang'ana, ndipo miyandamiyanda ya timaginito ikagwirizana chotero, mphamvu yake imatulukira kunja n'kukoka msomali. Zinthu zotere zimatchedwa ferromagnet.

Palinso mtundu wina, umene Louis Néel wa ku France anaufotokoza nalandira nawo mphoto ya Nobel m'chaka cha 1970, mmene timaginito timandandalika mwadongosolo ndithu, koma kalikonse kamayang'ana mosiyana ndi mnansi wake, wina kumwamba wina pansi, kotero kuti kunja sikumveka kanthu ngakhale m'kati muli dongosolo langwiro. Zimenezi ndizo antiferromagnet. Mdani wa madongosolo onse awiriwa ndiko kutentha, pakuti kutentha ndiko kunjenjemera kwa maatomu: chitsulo chikatenthedwa kupitirira madigiri 770 chimataya mphamvu yake ya maginito, ndipo wosula makasu angaone yekha kuti chitsulo chofiira ndi moto sichimatirira ku maginito kufikira chitazizira. Mlingo umenewo umatchulidwa ndi dzina la Pierre Curie, amene anaufufuza m'chaka cha 1895.

Timasamba topyapyala ngati atomu n'totani, ndipo anatipeza bwanji?

Pali miyala ina imene maatomu ake anagwirana mwamphamvu cham'mbali, koma mofooka pakati pa mzere wa pamwamba ndi wa pansi, monga masamba a fodya opanikizidwa m'belo, amene lililonse lili lolimba palokha koma lisendeka kwa linzake popanda kung'ambika. Mwala wodziwika koposa wa mtundu umenewu ndi graphite, mtima wakuda wa pensulo. Ndipo pamene mwana wa sukulu alemba, chimene chitsalira pa pepala ndiwo masamba a mwalawo amene asendeka. M'kachidutswa ka graphite kochindikala milimita imodzi muli masamba pafupifupi mamiliyoni 3.

Kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankayesa kuti tsamba limodzi lokha silingathe kukhala palokha osapindika kapena kuphwasuka. Koma m'chaka cha 2004, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, pa yunivesite ya Manchester ku England, anatenga tepi womatira wamba, wonga amene timamatira naye maenvulopu, nammata pa graphite, nam'matula, nabwereza kumata ndi kumatula zotsalirazo kufikira atapeza tsamba la atomu imodzi kuchindikala kwake. Tsamba limenelo limatchedwa graphene, ndipo anthu awiriwa analandira nalo mphoto ya Nobel m'chaka cha 2010. Indetu kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti chipangizo chawo chinali chotsika mtengo, ndipo chimene chinawapambanitsa ndicho kupenyetsetsa pa makina okulitsa zinthu tsiku ndi tsiku. Graphene payekha sali maginito. Koma anatsegula khomo, ndipo pambuyo pake anthu anayamba kusenda miyala ina yambiri ya masamba ndi njira yomweyo ya tepi.

Kodi tsamba lopyapyala chotero lingakhalenso maginito?

Funso limeneli linasautsa akatswiri zaka 50. M'chaka cha 1966, David Mermin ndi Herbert Wagner anasonyeza ndi masamu kuti m'tsamba lopyapyala, ngati timaginito tili ndi ufulu woyang'ana mbali iliyonse mofanana, kutentha kwakung'ono kokha kukwanira kutibalalitsa, chifukwa kamaginito ka m'tsamba kalibe anansi a pamwamba ndi a pansi okachirikiza. Komabe masamuwo anasiya mpata: ngati mwalawo uli ndi chibadwa chokakamiza timaginito kuima chilili, kuyang'ana kumwamba kapena pansi basi, dongosolo lingathe kupirira.

Mpata umenewo unatsimikizika m'chaka cha 2017. Gulu la Xiaodong Xu pa yunivesite ya Washington ku Seattle, mothandizana ndi gulu la Pablo Jarillo-Herrero la pa yunivesite ya MIT, linasenda mwala wotchedwa chromium triiodide, umene amaulemba mwachidule CrI3, nilipeza kuti tsamba limodzi, lopyapyala kuposa tsitsi la munthu kuwirikiza pafupifupi 100,000, linali maginito enieni. Chodabwitsa china chinali chakuti masamba awiri osanjikizana ankayang'ana mopikisana, mphamvu yawo n'kuzimirira, koma lachitatu likawonjezedwa mphamvuyo inkabweranso; motero chiwerengero cha masamba chinasanduka chiwongolero cha maginito. M'chaka chomwecho gulu la Xiang Zhang ku Berkeley linapeza zofanana ndi zimenezi m'mwala wina wa chromium, germanium ndi tellurium. Koma owerenga asunge mawu awa, pakuti tibwerako: tsamba la CrI3 limakhala maginito pokhapokha litazizira kufika madigiri 228 pansi pa mlingo umene madzi amaundana.

Kuwala ndi maginito zikhudzana bwanji, popeza china chioneka ndi maso ndipo china chikoka zitsulo?

Ngakhale pamaso zioneka ngati zachilendo, ziwirizi n'zapachibale, pakuti kuwala ndiko funde la mphamvu ya magetsi ndi ya maginito zoyendera pamodzi. Funde limeneli lingathe kugwedezeka cha mbali imodzi, kapena lingathe kuyenda likuzungulira, mwina kumanja mwina kumanzere. Ndipo kuwala kozungulira kumanyamula kuzungulirako n'kukakupereka kwa maelekitironi amene kwawagunda.

Woyamba kuona chibale chimenechi anali Michael Faraday wa ku London, amene m'chaka cha 1845 anapyoletsa kuwala m'galasi lolemera loikidwa pakati pa maginito amphamvu, naona kuti mbali imene kuwalako kunkagwedezekera yapotoka. Pambuyo pake, m'chaka cha 1877, John Kerr wa ku Glasgow anasonyeza kuti kuwala kobwerera kuchokera pa nkhope ya maginito opukutidwa bwino kumapotokanso, ndipo kupotokako kumasintha mbali maginitowo akatembenuzidwa. Mwina owerenga adzakondwa kumva kuti Kerr ameneyu ankaphunzitsa masamu pa sukulu ya aphunzitsi ya Free Church of Scotland, mpingo womwewo umene unatumiza amishoni a Livingstonia ku nyanja yathu m'chaka cha 1875. Njira yake ikugwirabe ntchito lero: ndi kuwala kopotoka kumeneku kumene akatswiri a ku Seattle anadziwira kuti tsamba lawo ndi maginito, popeza kachidutswako kanali kakang'ono kwambiri kosati n'kuyesedwa ndi njira ina. Tsono ngati maginito akhoza kupotoza kuwala, anthu oganiza anadzifunsa kuti, kodi kuwala sikungathenso kupotoza maginito?

Ndani anayamba kutembenuza maginito ndi kuwala kokha, ndipo zimatheka bwanji?

Yankho linadikira kufikira patapangidwa makina a laser otha kutulutsa kuwala kwamphamvu m'kanthawi kochepetsetsa. Sekondi imodzi ikagawidwa magawo 1,000,000,000,000, gawo limodzi limatchedwa picosecond. Ndipo picosecond ikagawidwanso magawo 1,000, gawo limodzi ndilo femtosecond. Kuwala, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kotero kuti mtunda wa kuchokera ku Lilongwe kufika ku Mchinji kumaumaliza sekondi isanathe ngakhale gawo limodzi la magawo 2,000, m'ma femtosecond 100 sikukwanitsa kudutsa ngakhale kuchindikala kwa tsitsi limodzi.

M'chaka cha 1996, Eric Beaurepaire ndi Jean-Yves Bigot ku Strasbourg m'dziko la France anawombera kuwala kwa ma femtosecond 60 pa nickel wopyapyala, naona kuti mphamvu yake ya maginito yafooka picosecond imodzi isanathe, liwiro limene palibe ankaliyembekeza. Kumeneko kunali kufooketsa chabe. Kutembenuza kwenikweni kunaoneka m'chaka cha 2007 pa yunivesite ya Radboud ku Nijmegen m'dziko la Netherlands, m'gulu la Theo Rasing ndi Alexey Kimel, pamene kuwala kozungulira kwa ma femtosecond 40 kunatembenuza maginito a chitsulo chosakaniza ndi gadolinium ndi cobalt popanda kawaya kapena maginito ena alionse.

Poyamba anthu anayesa kuti kuzungulira kwa kuwala ndiko kunachita zonse. Koma pofika m'chaka cha 2012 kunadziwika kuti m'chitsulo chimenecho kutentha kwadzidzidzi kokha kukwanira. Chifukwa chake n'chakuti timaginito ta chitsulo ndi ta gadolinium timayang'ana mopikisana, ndipo kutentha kukafika mwadzidzidzi, ta chitsulo timafooka msanga pamene ta gadolinium tikuchedwa. M'kanthawi kameneko ta chitsulo timadzuka titayang'ana kumene ta gadolinium tili, ndipo ta gadolinium, posafuna kuyang'ana kumodzi ndi tinzake, timatembenukira kwina. Motero njira zazikulu zilipo zitatu: kutenthetsa mwadzidzidzi, kupereka kuzungulira kwa kuwala kwa maelekitironi, ndi kugwedeza maatomu enieniwo kuti mtunda wa pakati pawo usinthe, pakuti mtunda umenewo ndiwo umalamula mmene timaginito timamverana.

Tsono pa timasamba topyapyala tija pachitika zotani?

Zazikulu zachitika kuyambira m'chaka cha 2022. M'chaka chimenecho gulu la Xiang Zhang linalengeza kuti latembenuza maginito a timasamba ta CrI3 ndi kuwala kozungulira, kotero kuti kuwala kozungulira mbali ina kunkagonetsa timaginito kuyang'ana kumwamba, ndi kozungulira mbali inzake kuyang'ana pansi. M'chaka chomwecho akatswiri a pa yunivesite ya Exeter ku England, pamodzi ndi anzawo, anasanjikiza CrI3 ndi tsamba limodzi la mwala wina wotchedwa tungsten diselenide, umene uli ndi luso lomeza kuwala, nasonyeza kuti tsamba lomeza kuwalalo limathandiza linzakelo kutembenuka. Apa ndi pamene paonekera ulemu wa timasamba timeneti: popeza timasanjikizika popanda guluu, mmisiri angathe kuika tsamba lodziwa kuwala pamwamba pa tsamba lodziwa maginito, lililonse n'kuchita mbali yake, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nalonso gulu la Xu ku Seattle, m'chaka chomwecho cha 2022, linasanjikiza masamba awiri amene palibe ngakhale limodzi lili maginito, tungsten disulfide ndi tungsten diselenide, nilipeza kuti kuwala kukawaunikira, maelekitironi otsekeredwa pakati pawo amayamba kumverana ndi kuyang'ana kumodzi. Ndipo mu Disembala 2024 gulu la Nuh Gedik la ku MIT linafalitsa zimene linachita ndi mwala wa masamba wopangidwa ndi chitsulo, phosphorus ndi sulfure, umene uli antiferromagnet ukazizira kupitirira madigiri 155 pansi pa ziro. Iwo anauwombera kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa terahertz, kumene kugwedezeka kwake kunafanana ndi kugwedezeka kwachibadwa kwa maatomu a mwalawo. Maatomuwo anasuntha pang'ono, mbali imodzi ya timaginito inapambana inzake, ndipo mwala umene unalibe mphamvu ya kunja unakhala nayo kwa magawo angapo a magawo 1,000 a sekondi. Kwa inu ndi ine nthawi imeneyo ndi yochepa kuposa kuphethira kwa diso. Koma poyerekeza ndi ma picosecond amene zinthu zotere zinkakhala kale zisanazimirire, ndi nthawi yaitali yokwanira kuyesa, kuwerenga ndi kugwiritsa ntchito.

Phindu lake n'lotani, kuti anthu atayirepo chuma ndi zaka zawo?

Phindu loyamba ndi liwiro. Kawaya kolembera pa hard disk kamafuna pafupifupi gawo limodzi la magawo 1,000,000,000 a sekondi kuti katembenuze kadera kamodzi, pamene kuwala kungathe kutero mofulumira kuwirikiza makumi ngakhale mazana. Phindu lachiwiri ndi kuchepa kwa malo, pakuti palibe chinthu chingapyapyale kuposa atomu imodzi. Ndipo ngati zolembazo zisungidwa mu antiferromagnet, timadera toyandikana sitisokonezana, ngakhalenso maginito a kunja sangafafanize zolembedwazo mwangozi.

Phindu lachitatu, limene liposa onse, ndi magetsi. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti m'chaka cha 2024 nyumba zosungiramo makompyuta akuluakulu pa dziko lonse zinadya magetsi okwana ma terawatt-hour 415, ndiwo magawo 1.5 pa 100 alionse a magetsi onse a pa dziko lapansi. Ndipo magetsi amenewo aposa kuwirikiza 100 onse amene Nkula, Tedzani, Kapichira ndi malo ena onse opangira magetsi m'Malawi amatulutsa pa chaka. Gawo lalikulu la magetsiwo limasanduka kutentha, kumene kumafunanso magetsi ena oziziritsira. Chifukwa chake njira iliyonse yolembera 0 ndi 1 ndi mphamvu yochepa ndi nkhani ya chuma cha maiko. Ndiponso, popeza uthenga wa pa intaneti umayenda kale ngati kuwala m'mawaya agalasi okwiriridwa m'mbali mwa misewu yathu, kukanakhala kwanzeru kuti kuwala komweko kulembe uthengawo m'chosungira popanda kuyamba kwasandutsidwa magetsi.

Kuwala kwalowa kale pang'ono m'malonda amenewa. M'chaka cha 2024 kampani ya Seagate inayamba kugulitsa ma hard disk osunga ma terabyte 30, mmene kalaser kakang'ono kamatenthetsa kadera kupitirira madigiri 400 kwa kanthawi kochepa kuti kafewe. Koma mmenemo kuwala ndi mthandizi chabe, ndipo wotembenuza akadali kawaya ka maginito kaja.

Ngati zili zabwino chotero, n'chifukwa chiyani sitizipeza m'masitolo?

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo nzeru imeneyi ikadali pachala. Chopinga choyamba ndi kuzizira kuja tinakusungitsani, pakuti palibe munthu angayende ndi foni yofuna madigiri 228 pansi pa ziro, kuzizira kumene ngakhale mpweya wa nitrogen wosandutsidwa madzi, wa madigiri 196 pansi pa ziro, sufikako. Chachiwiri n'chakuti CrI3 ndi wosakhalitsa: akakumana ndi chinyezi cha mumpweya ndi kuwala amasungunuka m'mphindi zowerengeka, kotero kuti amamusendera m'bokosi lotsekedwa lopanda mpweya wamba, namufunditsa ndi masamba ena omuteteza. Chachitatu, tepi womatira amapereka tizidutswa tosaoneka ndi maso, kamodzi kosafanana ndi kanzake, pamene fakitale imafuna masamba aakulu ofanana mamiliyoni ambiri. Chachinayi, kuwala sikungapanikizidwe mosavuta m'kadontho kochepera theka la gawo limodzi la magawo 1,000 a milimita, pamene kadera ka pa hard disk ya lero n'kochepa kuposa pamenepo kuwirikiza makumi. Ndipo makina a laser ochitira zoyesazi amadzaza tebulo lathunthu.

Komabe zopingazi zikuchotsedwa chimodzichimodzi. M'chaka cha 2018 gulu la Yuanbo Zhang pa yunivesite ya Fudan ku Shanghai linasonyeza kuti timasamba ta mwala wa chitsulo, germanium ndi tellurium tingathe kukhala maginito pa kutentha kwa m'nyumba tikathandizidwa ndi magetsi; m'chaka cha 2022 akatswiri a ku Wuhan anapanga mbale wake wa mwalawo, wokhala ndi gallium m'malo mwa germanium, amene amasunga mphamvu yake ngakhale pa kutentha koposa kwa mwezi wa Okutobala; ndipo mwala wina wa chromium, sulfure ndi bromine wapezeka kuti suopa mpweya. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Koma aliyense amene angakuuzeni chaka chimene zipangizo zotere zidzafika pa msika, ameneyo akulosera chabe.

Nanga ife a ku Mchinji, olima mtedza, soya ndi fodya, zimenezi zitikhudza pati?

Zitikhudza pawiri. Poyamba, ife ndife ogula: kaundula wa ziphaso za unzika, mmene Amalawi oposa mamiliyoni 9 analembetsa m'chaka cha 2017, mabuku a msonkho wa pa malire, ndalama za pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, zonsezi zimafuna mosungira, ndipo mtengo wa mosungiramo umabisala m'ndalama zimene timalipira. Chosungira chikatsika mtengo ndi kudya magetsi ochepa, dziko losauka magetsi ngati lathu ndilo lipindula koposa.

Kachiwiri, ife tikhala pafupi ndi miyala imene nkhani yonseyi inayambira. M'boma la Lilongwe, limene lichita malire ndi lathu, muli graphite wambiri ku Malingunde ndi ku Kasiya. Ndipo ku Kasiya, kumene kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals, imene kampani ya Rio Tinto inagulako gawo m'chaka cha 2023, yakhala ikufufuza, kuli mwala wa rutile wochuluka kuposa malo ena onse odziwika pa dziko lapansi, pamodzi ndi graphite amene awerengedwa pakati pa ochuluka koposa. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe m'boma la Phalombe kuli miyala yokhala ndi neodymium ndi praseodymium, zimene amapangira maginito amphamvu a m'magalimoto oyendera magetsi ndi a m'ma hard disk momwemo. Ngakhale m'zipinda zoyesera za ku Seattle, timasamba ta graphite ndito timagwira ntchito ya mawaya olumikizira timasamba ta maginito tija.

Koma tisadzinyenge. Graphite amene akatswiri amasenda pa chaka chonse sangadzaze ngakhale chikhato, ndipo palibe mgodi udzalemera chifukwa cha zoyesa zawo. Chimene nkhaniyi itiphunzitsa n'chakuti mtengo wa chinthu sukhala m'mwala koma m'mutu wa munthu woudziwa mwalawo. Graphite yemweyo amene adzatuluka m'dziko lino m'matumba, wogulidwa pa tani, ndiye amene anapatsa anthu awiri a ku Manchester mphoto ya Nobel atamusenda ndi tepi. Ndipo dziko limene ligulitsa dothi lake osaphunzitsa ana ake chimene chili m'dothimo lidzagulanso dothi lomwelo pa mtengo wowirikiza likadzabwera litavala dzina lachilendo.

Mwana wa sukulu amene mtima wake wakopeka ndi zimenezi ayambire pati?

Ayambire pa masamu ndi fizikisi ya ku sekondale, osaziyesa zilango, pakuti Mermin ndi Wagner analibe chida china koma masamu, ndipo mawu awo analamulira ntchito ya anthu zaka 50. Atenge maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, awadutsitse mumchenga wakuda wa kumtsinje, aone timiyala timene tikakamira ndi mmene tindandalikira. Akulunge waya pa msomali, aulumikize ku batire, aone msomaliwo ukusanduka maginito, natembenuze batirelo kuti aone mutu ukusanduka mchira, pakuti kumeneko ndiko kulemba 0 ndi 1 ndi dzanja lake. Akakhoza mayeso, fizikisi imaphunzitsidwa pa yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi pa yunivesite ya Mzuzu, ndipo maphunziro a za miyala ndi za umisiri ali pa yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014.

Kwa inu makolo, aphunzitsi, mafumu ndi a makomiti a sukulu za m'boma lino, pempho lathu ndi ili: pamene mukambirana za chitukuko, ndiponso pamene makampani a migodi adzabwera kudzafunsa chimene anthu afuna, musatchule mijigo ndi milatho yokha, tchulaninso chipinda choyeseramo sayansi pa sekondale iliyonse, chokhala ndi zipangizo zake ndi mphunzitsi wodziwa kuzigwiritsa ntchito, ndipo ana aakazi alowemo pamodzi ndi ana aamuna.